Zimene ndamva lero pa nkhani ya katemera wokakamiza

Lero m'mawa, ndili m'minibasi yochokera ku Area 25 kupita m'tauni, wailesi inabwereza nkhani yakuti boma likufuna kuti ogwira ntchito zachipatala ndi ena amene amakumana ndi anthu ambiri pa ntchito yawo azibayidwa katemera wa Covid-19, afune asafune. Nduna ya zaumoyo, mayi Khumbize Kandodo Chiponda, ndi amene alengeza zimenezi mwezi uno wa Disembala 2021, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission latsutsa kale ganizoli ponena kuti likuphwanya ufulu wa anthu.

Mkangano unabuka nthawi yomweyo. Bambo wina wachikulire anati namwino wosabayidwa angathe kupatsira matenda odwala amene akuwasamalira, ndipo anatikumbutsa za mwezi wa Januwale, pamene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi Covid-19 tsiku limodzi. Mayi amene anakhala pafupi nane atanyamula mwana pamiyendo anayankha mwaulemu kuti: "Bambo, ana anga onse ndinapita nawo kusikelo ndipo palibe katemera amene anaphonya, koma palibe anandiopseza. Alangizi a zaumoyo anakhala nafe pansi n'kutifotokozera."

Mawu a mayiwo andikhala mumtima tsiku lonse. Ine ndinabayitsa katemera wa AstraZeneca atangofika m'dziko muno mu Malichi, ndipo ndikufunitsitsa kuti abale anga onse abayitse. Komabe ndikuona kuti anthu amene akhala akulandira katemera wa chikuku ndi poliyo kwa zaka zambiri sanasanduke adani a katemera mwadzidzidzi. Chimene chawasowa ndi munthu wodziwika kwa iwo woti ayankhe mafunso awo asanamve mabodza a pa WhatsApp. Ngakhale pamene boma linaotcha katemera wokwana 19,610 amene anatha mphamvu mu Meyi, pofuna kutsimikizira anthu kuti sadzabayidwa mankhwala owonongeka, ena anamva nkhaniyo mokhota n'kumanena kuti katemerayo anali woipa kuyambira pachiyambi.

Madzulo ndinadzera kwa azakhali ku Kawale. Iwo amakana katemerayu chifukwa anamva kuti ndi chizindikiro cha 666 ndiponso kuti amatseka mimba, ndipo nkhawa yawo yaikulu ili pa mwana wawo wamkazi amene wangokwatiwa kumene. Nditawauza za nkhani ya pa wailesi ija nkhope yawo inagwa, ndipo anati chinthu chabwino sakakamiza. Sindinatsutsane nawo. Ndinangotulutsa khadi langa la katemera, ndipo analiyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali, akundifunsa ngati mkono unatupa ndiponso kuti ndinamva kuphwanya m'thupi masiku angati. Ndinawayankha zoona, kuti ndinagona tsiku limodzi ndi mutu wopweteka.

Pondiperekeza anandipempha kuti Lachisanu ndidzapite nawo kuchipatala chaching'ono cha m'dera lawo. Anenetsa kuti akukafunsa kaye mafunso, sakukabayitsa, ndipo ndawalonjeza kuti ndidzafika m'mamawa.