Waya wakuda wa mzere woyera

Mawu oyamba amene ndinawatola nditayamba kuphunzira za njinga zamoto pagalaja ina ku Biwi anali akuti "CDI yapsa". Akabaza amawanena asanatsike n'komwe panjinga, ogulitsa masipeya amawakonda, ndipo inenso ndinayamba kuwatchula molimba mtima ngati ndikudziwa zimene zili m'kabokosi kakuda ka CDI, kamene kamatumiza moto kupulagi ya injini. Sabata yatha ndi pamene anandichititsa manyazi.

Anabwera mnyamata wa kabaza akukankha njinga ya 150cc, thukuta kamukamu. Akuti inazima yokha pokhota, kenako inalira, n'kuzimanso, ndiye basi yakaniratu. Ndinadina sitata, injini ikuzungulira bwinobwino. Petulo analimo. Ndinamasula pulagi, kuigunditsa painjini, kuponda kiki: moto ngakhale pang'ono ayi. Pulagi ina, chimodzimodzi. Apa ndiye ndinalengeza chigamulo changa chija, mnyamatayo n'kuyamba kuwerenga ndalama za m'thumba nkhope itagwa, poti njingayo ndi ya abwana ake ndipo madzulo aliwonse amafuna zawo.

Madala amene amandiphunzitsa anali chapatali akumata tayala. Sanandikalipire. Anangotulutsa CDI yabwino m'kabati n'kunena kuti, "Ika iyi tione." Ndinaika. Moto osatuluka. Mnyamata uja anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

"Iwe, CDI imalandira chiyani, nanga imapereka chiyani?"

Funso limeneli ndi limene ndakhala nalo sabata yonse, ndipo ndalijambula m'kope langa kangapo. Njinga zambiri zazing'ono zimene zili m'misewu yathu zinatengera kalumikizidwe ka Honda CG125, mitundu ya mawaya yomwe. Wobiriwira ndi earth, wolumikizidwa kuchitsulo cha njinga. Wakuda wa mzere wofiira umachokera kukoyilo ya mu magneto, chipangizo chopanga magetsi injini ikamazungulira, ndiwo umadyetsa CDI. Wabuluu wa mzere woyera umachokera ku pickup, imene imauza CDI nthawi yoti iwombe moto. Wakuda wa mzere wachikasu umapita kukoyilo ya pulagi. Ndiye pali wakuda wa mzere woyera, umene ine sindinkaulabadira.

Ndinkaganiza kuti ukatseka kiyi umadula magetsi opita ku CDI, monga muja timazimitsira babu m'nyumba. Pa CDI ya AC, imene imadya magetsi a mu magneto osati a batire, sizili choncho. Kiyi ukaitseka imagunditsa waya wakuda wa mzere woyerawo ku earth, moto wonse n'kuthawira kuchitsulo cha njinga m'malo mopita kupulagi. Kutanthauza kuti wayawo ukasupuka pena pake n'kukhudza felemu, njinga imakhala ngati yatsekedwa ngakhale kiyi ili pa ON. N'chifukwa chakenso njinga zoterezi zimalira ndi kiki ngakhale batire itaferatu, poti moto wa pulagi sudalira batire.

Madala anandiuza kuti ndisolole waya wakuda wa mzere woyera wokhawo pa CDI ya mwini wake, imene ndinaiweruza ija. Nditaponda kiki, moto wabuluu unathetheka papulagi mpaka kumveka kuti tha! tha! Kenako anandipatsa mita yoyezera magetsi, kuiika poti izilira mawaya akagundana, nsonga ina pawayawo ina pafelemu, kiyi ili pa ON. Mitayo inalira, pamene siyimayenera kulira. "Tapotokola chiwongolero." Kumanja, zii. Kumanzere, n'kuyambanso kulira. Nkhani ya kuzima pokhota ija inali itandiuza kale zonsezi, koma sindinamvetsere.

Titachotsa nyali yakutsogolo tinapeza kuti mtolo wa mawaya pakhosi pa njinga unamangidwa ndi mphira wa chubu, mothinitsa kwambiri, pamodzi ndi mawaya a timagetsi tokongoletsa ndi chaja ya foni. Pamene pamakhuzana ndi chitsulo, pulasitiki inadyeka kamalo kochepa ngati njere ya mpunga, mkuwa ukuonekera. Tinadula, kulumikiza ndi solder, kukulunga tepi, n'kusiyira mawayawo mpata woti azitsatira chiwongolero osakokeka.

Chinanso chimene ndinachipeza m'menemo sindingachisiye. Pamalo pa fyuzi panali kapepala ka siliva ka m'paketi ya fodya. Ambiri amachita zimenezi ndipo amaziona ngati nzeru, koma tsiku limene waya wofiira wochokera kubatire udzasupuke ngati mnzake uja, palibe chodzadula magetsi, ndipo thanki ya petulo ili pamwamba pomwepo. Ndinaika fyuzi yeniyeni, mnyamatayo akudandaula za mtengo wake.

Batire ndinaiyezanso ngakhale inalibe mlandu, kuti dzanja lizolowere: mavolti 12.5 njinga ili chete, osatsika kupyola 10 podina sitata, ndi 14 injini itakwezedwa moto. Manambala atatuwa ndawalemba pachikuto cha kope. Ndikuvutikabe ndi kuwerenga ma ohm a makoyilo, chifukwa mita yathu nsonga zake n'zotha ndipo nambala imavinavina, moti ndimayeza katatu ndisanakhulupirire.

CDI ya madala ija ndinaibwezera m'kabati ndekha. Dzulo kunabwera njinga ina yokana kulira, mwini wake akukuwa ali pamsewu kuti CDI yapsa. Madala sanadzuke pampando, anangondilozera pamene pamakhala mita.