Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mpando woyang'ana kukhomo

Gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinayamba kulandira asilikali ochokera ku DRC. Lero za ine zidikire kaye, ndifotokoze ntchito yeniyeniyo yothandiza asilikaliwa kuchipatala pa mavuto a m'maganizo.

Asilikali athu anayamba kumenya nkhondo kum'mawa kwa DRC pansi pa MONUSCO, gulu losungitsa mtendere la United Nations, mu 2013, ndipo mu Novembala 2018 tinataya asanu ndi mmodzi kufupi ndi mzinda wa Beni. Amene wabwerako wamoyo safika n'kunena kuti "ndili ndi PTSD", vuto la m'maganizo lobwera munthu akadutsa m'zoopsa. Amadandaula mutu, kusowa tulo, mtima kuthamanga. Mayi a kunyumba ndiwo amaulula kuti bambo amabwebweta usiku, chitseko chikamenyetseka amadzigwetsa pansi, ndipo mowa wanyanya.

Choyamba ndi mpando. Mlekeni asankhe pokhala. Ambiri amafuna msana kukhoma, maso kukhomo. Musamudzere kumbuyo. Ngakhale poyeza BP, nenani kaye kuti lamba afinya mkono. Zikuoneka zazing'ono, koma munthu amene moyo wake unali m'manja mwa ena amayamba kukhazikika akaona kuti pano akufunsidwa chilolezo.

Ambiri timalakwa pofunsa tsiku loyamba lomwelo kuti, "Bwana, munaona zotani kumeneko?" Amatseka pakamwa, ndipo sabweranso. Yambani ndi tulo, mowa ndi zapakhomo. Funsaninso mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikum'patsa maganizowo. Zizindikiro zikapitirira mwezi, gwiritsani PCL-5, fomu yoyezera PTSD: mafunso 20, mapointi onse 80, ndipo kuyambira 31 mpaka 33 kupita m'mwamba mpofunika kuunika mozama.

Mankhwala a diazepam ndimawakana. Amagonetsa lero, koma sachiza PTSD, amazolowereka, ndipo akakumana ndi mowa amatha kufooketsa kupuma. Mankhwala a fluoxetine amathandiza ena, bola muwachenjeze kuti pamapita masabata anayi kapena asanu ndi limodzi asanamve kusintha, apo ayi amasiyira panjira.

Njira imene ndimaikonda ndi NET (Narrative Exposure Therapy), yoti munthu afotokoze mbiri ya moyo wake mwatsatanetsatane. Mumayala chingwe pansi, ndicho moyo wake kuchokera kubadwa. Iye amaika duwa pa chokondweretsa chilichonse, mwala pa choopsa chilichonse, ndipo kotsala kwa chingweko kumakhala kokulungidwa, ndizo zamtsogolo. Kenako mumatenga mwala umodzi pa ulendo, ola ndi theka: kunali kuti, nthawi yanji, ankamva fungo lanji, thupi likuti bwanji panopa. Musayambe mwala nthawi itatsala mphindi 15. Mukadukiza nkhani mantha ali pachimake, amapita nawo kunyumba, ndipo Lachiwiri linalo mpando uja mudzaupeza wopanda munthu.