Maphunziro a komiti yathu ya yuniyoni atheka, koma ofesi ya HR inativutitsa

Maphunziro atha Loweruka lapitali, ndipo tsopano ndikugona tulo. Ndine mlembi wa nthambi ya yuniyoni pa fakitale ina kuno ku Blantyre. Chisankho chitachitika, komiti yatsopano inadzaza ndi anthu amene sanakhalepo pa mpando uliwonse. Wapampando wathu ndi woyendetsa makina, msungichuma ndi mayi wa kolongedza katundu, ma shop steward ambiri (oimira anzawo ku yuniyoni pa malo ogwirira ntchito) ndi anyamata a shifiti ya usiku. Mtima ali nawo ndithu, koma buku la malamulo a ntchito anali asanaligwirepo m'manja. Anzanga a m'nthambi zina amene mukuganiza zokonza maphunziro otere, tamverani mmene zayendera kwathu.

Zolembera kulikulu la yuniyoni, kupanga bajeti, kupeza holo ndi wophika, zimenezo mukuzidziwa kale. Likulu lathu linatipezera mphunzitsi, ndipo ofesala wa za ntchito wa m'boma anavomera kudzatifotokozera malamulo popanda kutivutitsa. Chimene chingakukwezeni BP ndi chimodzi basi: kalata yomasula anthu kuntchito kuti abwere ku maphunziro.

Ife tinalemba kalata yathu nthawi ikadalipo, maina onse, masiku onse, n'kukapereka ku ofesi ya HR, yoona za ogwira ntchito pa kampani. Abwana a kumeneko anatilandira ndi nsangala. Akuti, "Palibe vuto akuluakulu, pitani mukaphunzire, ifenso timafuna yuniyoni yodziwa zinthu. Makapitawo ndiwauza ndekha." Nditapempha kuti yankho likhale lolemba, kunayamba nyimbo ya bwerani mawa. Lero abwana ali ku msonkhano. Mawa kalata yalembedwa koma sinasainidwe. Mkuja yasainidwa koma chidindo chili m'kabati, wosunga makiyi wapita ku maliro. Ndinkathera nthawi yanga ya nkhomaliro pa benchi ya pakhonde paja, ndikuyang'ana chitseko, mlembi wawo akudutsa ndi kapu ya tiyi osandiyang'ana n'komwe. Madzulo a tsiku lomaliza anandiimbira okha foni kunditsimikizira kuti makapitawo onse auzidwa.

Kutacha, holo ya tchalitchi tinali titalipira kale. Mphunzitsi anali atafika ndi basi ya usiku kuchokera ku Lilongwe. Amayi ophika anali atapha nkhuku, moto uli lawilawi. Nthawi ya 9 koloko inakwana mipando yambiri ili gwa, yopanda anthu. Ndikaimbira shop steward aliyense yankho linali lomwelo: kapitawo wakana, akuti sanauzidwe kanthu, ukachoka pa makina akulemba kuti wajomba. Ochepa amene anafika nawonso mafoni awo sanapume, akuwaitana kuti abwerere. Ndinaimbira abwana a HR aja, foni yozima. Tsiku lonse linapita choncho. Eni holo anakana kubweza ndalama, ndipo sindingawadzudzule chifukwa anali atabweza anthu ena ofuna malowo. Nsima tinagawira alonda ndi ana a kwaya. Zonsezo ndi ndalama za mamembala, zimene amadulidwa mwezi ndi mwezi pa malipiro ochepa kale. Mpaka pano ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Ndiye ndikuti, musalipire holo, musagule ngakhale paketi ya shuga, kalata isanafike m'manja mwanu. Ikhale yosainidwa, yodindidwa, yokhala ndi dzina la aliyense, masiku ake, komanso mawu onena poyera kuti anthuwa samadulidwa malipiro. Mukatero jambulitsani makope, mupereke nokha kwa kapitawo aliyense, asaine pa kope lanu kuti walandira. Ulendo wachiwiri tinachita zimenezo, wapampando atakalankhula ndi akulu a kampani maso ndi maso, ndipo palibe kapitawo amene anatsegula pakamwa.

Za maphunziro enieniwo ndilibe dandaulo. Mphunzitsi sanataye nthawi ndi mbiri yaitali. Anatigawira ndime za Employment Act ya 2000 ndi Labour Relations Act ya 1996, n'kumatiwerengetsa mokweza kenaka kumasulira m'Chichewa. Ambiri ndi pamene anamva koyamba kuti ndime 57 ya Employment Act imaletsa kuchotsa munthu ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani yake ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza kaye. Anamvanso kuti wochotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa ofesala wa za ntchito, zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya za ntchito. Mnyamata wina wa shifiti ya usiku anagwira kumutu, akuti mnzake anachotsedwa chaka chatha atangouzidwa pa geti kuti asalowenso, ndipo anangopita kumudzi poganiza kuti palibe kolowera.

Chimene chinagwira anthu kwambiri ndi sewero la mlandu. Tinaika tebulo kutsogolo, wina akhale bwana, wina woimbidwa mlandu wofika mochedwa, wina shop steward. Woyamba kuyesa anangoyamba kukalipa, kuloza chala, kutchula za ukapolo. Mphunzitsi anamusiya amalize, kenaka anamufunsa modekha: kalata yoitanira mnzakoyu waiwerenga? Mlandu wake walembedwa kuti chiyani? Anachenjezedwapo kale? Buku losainira pa geti wapempha kuliona? M'holo munangoti zii. Wachiwiri analowa ndi kope ndi cholembera, anafunsa mafunso anayi okha, bwana wa m'seweroyo anasowa choyankha. Ngati nthawi yakucheperani, dulani zina zonse koma seweroli lisiyeni.

Ndaiwala kunena za malawansi, ndipo nkhani imeneyi ikambeni musanayambe n'komwe. Anthu ena akamva kuti maphunziro amayembekeza envulopu. Ife tinalengezeratu pa msonkhano wa komiti kuti pali ya minibasi ndi chakudya basi, n'kuzilemba m'maminitsi. Awiri ananyinyirika, mmodzi sanabwere. Ine ndinaona kuti kuli bwino kumudziwiratu lero munthu wotere kusiyana n'kudzamudziwa tsiku limene tili pa tebulo ndi mabwana kukambirana za malipiro.

Pa za sitalaka panali phokoso. Anyamata ambiri ankaganiza kuti mukakwiya mumangozimitsa makina. Ofesala wa za ntchito anafotokoza kuti mkangano umayenera kukanenedwa kaye ku unduna wa za ntchito, pakhale kuyanjanitsa komwe lamulo limapereka masiku 21, zikalephereka mupereke chidziwitso cha masiku 7. Anawonjezera kuti kuchokera pamene lamulo linasinthidwa mu 2021, olemba ntchito amaloledwa kudula malipiro ngati kunyanyala kwapitirira masiku atatu pa chaka. Ine kusinthaku sindigwirizana nako ngakhale pang'ono, ndipo mabungwe a ogwira ntchito pansi pa MCTU, mgwirizano wa mayuniyoni m'dziko muno, anakudandaula, koma mtsogoleri amene sakukudziwa adzalowetsa anthu ake m'dzenje. Anatikumbutsanso kuti yuniyoni imafunika kukhala ndi anthu osachepera 20 pa 100 aliwonse a pamalopo kuti kampani ikhale nayo pansi kukambirana, choncho kulemba mamembala atsopano si ntchito yosiyira mlembi yekha.

Zina tinadutsa mothamanga: maola 48 pa sabata, tchuthi cha pachaka cha masiku 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ndi 15 kwa ogwira asanu, masabata 8 a tchuthi cha uchembere. Pa uchembere amayi anafunsa mafunso ambiri kuposa nthawi imene tinaika, ndipo mukamakonza pulogalamu yanu muwapatse gawo lokwanira, musaliike kumapeto anthu akuthamangira minibasi. Msungichuma anakhala padera ndi mphunzitsi madzulo, kuphunzira kulemba buku la ndalama ndi kumata malisiti. Anatulukamo ndi lamulo lake loti palibe tambala yotuluka popanda anthu awiri kusaina.

Kubwerera ku kalata ija. Mwezi utatha, amene anafika tsiku lotayika lija anapeza pa mapepala awo a malipiro kuti adulidwa tsiku limodzi, akuti anajomba. Ofesi yomweyo imene inati pitani mukaphunzire! Titapita kukafunsa, abwana aja anati sakukumbukira kuti analoleza tsiku limenelo. Mwayi wake kope la kalata yathu yoyamba linali ndi chidindo chawo chosonyeza tsiku limene analandira, ndipo foni yanga inasunga nthawi imene anandiimbira. N'chifukwa chake ndikubwereza: chilichonse chopita ku ofesi imeneyo chikhale cholemba, ndipo kope lanu lidindidwe musanatuluke pakhomo.

Dandaulo la ndalama zodulidwazo talilemba kale, ndipo alemba ndi ma shop steward atsopanowo, ine ndinangowongola masipelo. Kampani yatiitana Lachinayi likubwerali. Wapampando wanena kuti wokalankhula akhale mnyamata uja wa mafunso anayi, enafe tikakhale kumbuyo ndi makope athu.