Mpunga wa mandimu wa Amwenye: chovuta ndi masamba a curry

Amati ndi chakudya cha mphindi 15. Kuphikako inde, koma kusaka masamba a curry kunandidyera Loweruka lathunthu mu Limbe. Sitolo iliyonse ndikafunsa, ankangonditambasulira paketi ya curry wa ufa. Ndimvekere, ayi achimwene, ndikufuna masamba, othyola mumtengo. Wina mpaka anandiseka. Curry wa ufa ndi zokometsera zosakanizasakaniza, si chinthu chimodzi ndi masambawa, ndipo mumpunga uwu asayandikemo. Pomwe ndimawapeza anali ouma, otuwa, fungo litathawa kalekale, ndalama yake ngati ndikugula nyama. Ndinalipira ndikung'ung'udza. Mukaona kamtengo kake pakhomo pa munthu, pemphani aawisi, kapenanso mbande mukadzale.

Chakudyachi n'chakumwera kwa India. Ku Karnataka amati chitranna, ku Tamil Nadu elumichai sadam. Ine ndinaphika ndi Kilombero wathuyu, madzi ochepa kuti asamatane. Wotsala dzulo ndiye wabwino zedi. Ngati mwangophika kumene, uyaleni m'mbale yotakasuka uzizire, apo ayi mudya phala lachikasu.

Mafuta masupuni 2 m'chiwaya, kazingani mtedza wodzaza dzanja, chotsani. M'mafuta omwewo ponyani njere za mpiru, theka la kasupuni. Vindikirani msanga, zikayamba kuthetheka zimadumphira kumaso. Kenako urad dal ndi chana dal (mbewu za mtundu wa nyemba, zosenda ndi zogawa pakati) pang'onopang'ono mpaka zifiire, zimakukutika bwino pansi pa dzino. Izi zokha ndinazipeza mosavuta, m'sitolo yomweyo ya wondiseka uja. Tsopano kambuzi, jinja, masamba aja, ndipo chikasu pomaliza chifukwa sichichedwa kupserera. Anyezi ndi tomato asungireni ndiwo zina.

Apa phulani chiwaya. Mandimu osafinyira pamoto, amawawa ndipo kafungo kamathawa. Ndimu limodzi lalikulu likwanira makapu 2 a mpunga wophika. Chotsani njere zake, finyirani m'chiwaya muja, thirani mchere, mpunga, mtedza uja, sakanizani mosamala osatakasa. Ndimaiwala, chana dal mukayiviika kaye m'madzi otentha kwa mphindi 10 siithyola mano a agogo.

Ndibwerezenso: mpunga uzizire, mandimu mutaphula. Musiyeni kanthawi asanalowe m'mbale kuti kuwawasa kulowerere. Ife tinadyera chambiko, ana ankangotolamo mtedza.