Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Chaka Chimene Ndinagula Sikelo

M'gawo lapita lija ndinalekezera pa tsiku limene anamwino anandiyeza BP kawiri, mkono wamanja kenako wamanzere, n'kulemba 158/98 m'kabuku kanga ka kuchipatala. Pansi pake analembapo nambala ina, makilogalamu 89. Ine ndine wamfupi, mamita 1.60 basi. Anatulutsa foni yawo n'kundiwerengera chimene amachitcha BMI, chomwe amachipeza pogawa kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Yanga inatuluka 34.8. Anandiuza kuti ikadutsa 25 ndiye kuti thupi layamba kuchuluka, ikafika 30 ndiye kunenepa kuja koitana matenda. "Mayi, musaganize zochotsa makilo 20 lero," anatero. "Yambani ndi anayi kapena asanu, BP imeneyi mudzaiona ikutsika."

Kwathu kuno mawu akuti sikelo ndi a ana ndi amayi oyembekezera. Ndili kamtsikana ku Ntcheu, amayi akakhala kudimba ankandituma kuti ndibereke mng'ono wanga kupita naye kusikelo. Alangizi a zaumoyo ankapachika sikelo yawo panthambi ya mtengo wa mango, mwana n'kumuveka kakabudula kaja ka zingwe, n'kumukoleka akulira, miyendo ili lendelende. Muvi ukaima ankaika kadontho pa khadi. Kamodzi pamwezi. Mzere wa timadontho tija ukamakwera, mayi ankabwerera kwawo akumwetulira. Ukagona kapena kutsika, ankapanikizidwa ndi mafunso pamaso pa anzake. Tinakula tikudziwa kuti nambala yabwino ya pasikelo ndi yokwera. Kenako zinabwera zaka za m'ma 1990, pamene kuwonda kunali ndi dzina lake, kaliwondewonde, ndipo tinaika m'manda anthu amene tinawaona ndi maso athu akutha tsiku ndi tsiku. Azakhali anga awiri anapita choncho. N'chifukwa chake munthu wa m'badwo wanga akauzidwa kuti "mwanenepatu, zikukuyenderani", mtima umakhala m'malo. Kuti ine, pa zaka 41, ndiyambe kukondwera nambala ikamatsika, inali nkhondo ya mumtima imene sindinaiyembekezere.

Poyamba ndinalibe sikelo yanga. Ndinkadziyeza kwa anyamata aja amene amakhala ndi sikelo m'mbali mwa msewu m'tauni, pafupi ndi pokwerera minibasi. Umapereka kandalama kochepa n'kukwera anthu akudutsa. Lolemba ndinkakwera ya mnyamata wina, Lachinayi ya winanso, nsapato zili kuphazi, nthawi zina chikwama chili paphewa, nthawi zina nditangodya nkhomaliro. Lero 88, mawa 90 ndi theka, mkuja 87. Manambala amenewa sankandiuza kanthu. Mwezi utatha, nditalandira, ndinagula yangayanga, yagalasi, ya mabatire.

Ndinaiika m'chipinda chogona, pambali pa bedi, ndipo apa ndi pamene zinthu zinasokonekera. Ndikadzuka, kukwera. Ndikasamba, kukwera. Ndikaweruka kuntchito, ndisanavule n'komwe, kukwera. Usiku ndisanagone, kukweranso. Masiku ena kasanu. Ndinatulukira kuti simenti ya m'chipindamo siyofanana paliponse, moti pafupi ndi chitseko sikelo inkachepetsa theka la kilo poyerekeza ndi pafupi ndi bedi, ndiye ndinayamba kumaikokera kuchitseko. Nambala ya m'mawa ndiyo inkalamula tsiku lonse. Ikatsika, ndinkasesa ndikuimba. Ikakwera, ana ankadziwa asanauzidwe, chifukwa ndinkawakalipira pa zinthu zosadziwika bwino, kapu yosatsuka, nsapato yoiwalika pakhonde.

Loweruka lina mu Novembala kunali chinkhoswe cha mwana wa achimwene. Ndinadya monga mmene munthu amadyera pa chinkhoswe: mpunga, nkhuku yokazinga, tchipisi, Fanta ziwiri, ndi thobwa la apongozi limene sungalikane. Lachisanu m'mawa ndinali 85.9. Lamulungu m'mawa sikelo inati 87.6. Milungu isanu ya kuyenda pansi kuchoka pasiteji mpaka kunyumba, ya kutsitsa nsima kuchoka mitanda itatu kufika umodzi ndi theka, ya tiyi wopanda shuga, ndinaona ngati yapita ndi madzi tsiku limodzi. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira. Kutchalitchi sindinapite. Tsiku limenelo ndi Lolemba lake ndinangomwa madzi ndi tiyi, ndipo Lachiwiri ndinachita chizungulire m'minibasi, kumeneko ndili pa mankhwala a BP. Mayi wina amene anakhala pafupi nane ndiye anandigwiriziza n'kundisendera nthochi ya m'jumbo mwake.

Usiku umenewo bambo a kunyumba anatenga sikelo ija n'kuchotsa mabatire. Sanakweze mawu. "Mayi, chinthu ichi munagula kuti chikuthandizeni, koma chikukudyani. Anawa ayamba kukuopani m'mawa." Ndinasowa choyankha. Anaiika pamwamba pa kabati ya zovala.

Inakhala pamwambapo miyezi itatu, Disembala, Januwale ndi Febuluwale, ndipo kunena zoona mtima unapuma. Koma imeneyi ndi miyezi ya Khirisimasi, ya mango, ya mvula imene imakupatsa chifukwa chokwerera kabaza m'malo moyenda, kenako mondokwa wootcha. Mtanda wachiwiri unabwerera m'mbale mwakachetechete, wachitatu n'kulondola. Chitenje nacho sichikuuza kanthu, umangochimanga pamene chafika. Chimene chinandiuza ndi bulauzi yanga yoyera ya Mvano, mabatani atakana kukumana pachifuwa. Nditapita kukatenga mankhwala mu Malichi, sikelo ya kuchipatala inati 88.7. Ndinali nditabwerera pamene ndinayambira, osadziwa.

Ndinapeza anamwino omwe aja, ndipo ndinawafotokozera zonse, ya chinkhoswe ndi ya mabatire yomwe. Anandimvetsera mpaka kumapeto ngakhale pabenchi panja panali mzere. Kenako anandifunsa kuti lita imodzi ya madzi imalemera bwanji. Ndinangoti chete. "Kilo imodzi ndendende," anatero. "Mukamwa makapu anayi n'kukwera sikelo, kodi mwanenepa?"

Zimene anandiuza tsiku limenelo, ndi zimene ndinawerenga pambuyo pake, ndikulakalaka ndikanazidziwa ndisanagule sikelo. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700 (makalori ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi). Mzimayi ngati ine amagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 2,000 patsiku. Kuti makilo 1.7 aja a pa chinkhoswe akhale mafuta, ndinayenera kudya makalori opitirira 13,000 pamwamba pa zimene thupi limafuna, ndipo palibe mbale ya pa chinkhoswe imene ingafike pamenepo. Chimene chinakwera ndi madzi. Mchere umagwira madzi m'thupi. Mpunga, nsima, tchipisi ndi zotsekemera thupi limazisandutsa shuga n'kusunga wina m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse yosungidwa choncho imakoka magalamu pafupifupi atatu a madzi. Onjezanipo chakudya chimene chikadali m'matumbo, onjezanipo masiku aja mzimayi akayandikira kumwezi. Choncho kukwera kapena kutsika ndi kilo imodzi, ngakhale awiri, pakati pa lero ndi mawa si chinthu chachilendo. Pamene mafuta enieniwo amachoka pang'onopang'ono, theka la kilo mpaka kilo imodzi pamlungu kwa munthu amene akuchita bwino. Mukagawa ndi masiku asanu ndi awiri, ndi magalamu 70 mpaka 140 patsiku, kulemera kwa tomato mmodzi. Ine ndinkafuna kuona tomato ameneyu m'kati mwa madzi amene akukwera ndi kutsika ndi makilo athunthu.

Ndinatsitsa sikelo pakabati, koma ulendo uno ndinagulanso kope la masamu la ana asukulu. Sikelo ndinaichotsa kuchipinda chogona n'kuipezera malo amodzi pakona ya pakhonde la kubafa, pamene simenti ili yosalala, ndipo ndinazunguliza malowo ndi choko kuti isasunthe. Ndimakwera kamodzi patsiku, m'mawa, ndikachoka kuchimbudzi, ndisanamwe kapena kudya kanthu, nditangomanga chitenje chimodzi chomwecho. Ndimalemba nambala, ndimatseka kope. Tsiku limenelo nkhani ya sikelo yathera pomwepo. Lamulungu madzulo ndimaphatikiza manambala asanu ndi awiriwo n'kugawa ndi 7, ndipo yotulukayo ndi yokhayo imene ndimaiyerekeza ndi ya mlungu wathawo.

Ndikuonetseni tsamba limodzi la mu Epulo. Lolemba 86.4, Lachiwiri 86.1, Lachitatu 85.8, Lachinayi 86.9, Lachisanu 86.5, Loweruka 85.9, Lamulungu 85.7. Pambali pa Lachinayi ndinalembapo kuti "usipa wamchere dzulo usiku". Kale lija nambala ya Lachinayiyo ikanandigonetsa ndi njala. Koma pakati pa masiku onsewo panatuluka 86.2, pamene mlungu wam'mbuyo panali 86.7. Theka la kilo linachoka mlungu umenewo, Lachinayi loipalo lili momwemo.

Timawu ta m'mbali timeneti tinandithandiza kuposa mmene ndinkaganizira: "maliro", "kumwezi", "ndadzimbidwa", "kanyenya ndi anzanga a kuntchito". Itatha miyezi itatu, kope linayamba kundiuza zinthu zimene palibe munthu akanandiuza. Lolemba ndimalemera kwambiri, chifukwa cha zakudya za Loweruka ndi Lamulungu, ndipo kawirikawiri Lachisanu ndi pamene ndimapepuka. Mlungu woyandikira kumwezi ndimakwera kilo imodzi, imene imachoka yokha. Chinthu ukachiona katatu chikubwera n'kupita, sichikuopsanso.

Anthu amandifunsa kuti ndiye munthu azidziyeza kangati. Maganizo anga ndi awa, ndipo ndimawanena ndi mtima wonse chifukwa mbali zonse ziwiri zinandipweteka. Kangapo patsiku ayi; pamenepo ukuyeza madzi amene wamwa ndi nsima imene wadya. Kamodzi pamwezi n'koyenera mwana wa kusikelo, koma kwa wamkulu amene akuchepetsa thupi ndi nthawi yaitali kwambiri, zinthu zimatha kubwerera m'mbuyo iwe uli phee. Pakati pa ziwirizi ndi pamene pali njira: tsiku lililonse ngati mtima wako ungathe kudikira Lamulungu, apo ayi kamodzi pamlungu, tsiku lomwelo, nthawi yomweyo, sikelo yomweyo. Ku America kuli kaundula wotchedwa National Weight Control Registry, amene anayamba mu 1994, wa anthu amene anachotsa makilo osachepera 13.6 n'kukhala osabwereranso kwa chaka kapena kupitirira. Atatu mwa anayi alionse a anthu amenewa amadziyeza kamodzi pamlungu kapena kuposerapo. Nditawerenga zimenezo ndinakumbukira miyezi itatu ija sikelo ili pamwamba pa kabati.

Mng'ono wanga yemwe uja ndinkamubereka kupita naye kusikelo anayesa njira yangayi n'kulephera. Nambala ya tsiku ndi tsiku inkamusowetsa tulo ngakhale ankadziwa bwinobwino za madzi ndi mchere. Ndinamuuza kuti asiye, asadzikakamize. Pano amakwera Lachisanu m'mawa lokha n'kunditumizira pa WhatsApp, ndipo timaweruza pakatha Malachisanu anayi, chifukwa limodzi likhoza kugwera tsiku lotsatana ndi ndiwo zamchere n'kumunamiza. Zikumuyendera. Munthu amene waona kuti sikelo yayamba kumuletsa kudya, monga inachitira kwa ine mu Novembala, aiike kaye patali ndipo akalankhule ndi a zaumoyo. Ndipo amene akuwonda asakuchita chilichonse chochepetsera thupi, kope langali si lake. Ameneyo apite akayezetse shuga, TB ndi HIV, asachedwe.

Pa 1 mwezi uliwonse ndimatenganso tepi ya telala n'kuyeza mimba pa mchombo. Akatswiri amati pamenepa pasapitirire theka la msinkhu wa munthu, kutanthauza masentimita 80 kwa ine. Ndinayamba ndi 101. Mu Juni sikelo inaima milungu itatu osasuntha, mtima n'kuyamba kugwa, koma tepi inaonetsa kuti masentimita awiri achoka, ndipo ndi imene inandigwira dzanja mwezi umenewo.

Mu Seputembala ndinapita kumudzi ndili 79.5, BP ili 132/84. Amayi anandiona ndikutsika pa kabaza ndipo sanathamange kudzandichingamira monga amachitira. Anaima pakhonde, dzanja lili pakamwa. Titalowa m'nyumba anatseka chitseko, chinthu chimene sachita masana, n'kukhala pamphasa pafupi nane.

"Mwana wanga, undiuze zoona. Ukudwala? Usandibisire ngati mmene anachitira azakhali ako."

"Ayi amayi, sindikudwala. Ndikuchita dala, achipatala ndi amene anandiuza."

Sanakhulupirire. Ndinatulutsa kabuku ka kuchipatala ndi kope lija m'chikwama. Amayi sawerenga kwambiri, koma manambala amawadziwa, anagulitsa mbatata ndi kabichi pa Tsangano zaka zambiri. Ndinawaonetsa 158 wa chaka chatha ndi 132 wa mwezi umenewo. Ndinawaonetsanso tsamba limene analembapo zotsatira za magazi. Kenako anatenga kope, n'kumatsegula tsamba ndi tsamba, chala chikutsika ndi mzere wa manambala kuyambira Malichi, akunong'ona okha. Atafika kumapeto anabwereranso koyamba.

"Ndiye umalemba wekha, tsiku lililonse?"

"Eya amayi, m'mawa uliwonse."

Anatseka kopelo n'kulisunga pamiyendo pawo kanthawi. Madzulo ake anaphika nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, ndipo pomola anaima ndi chipande m'manja n'kundifunsa kuti andiikire mitanda ingati.