Muvi wa sipidi ukayamba kudumpha pa pikapu yakale

Pikapu yanga ndi ya nthawi ija sipidi inkayendera kebulo, osati mawaya a magetsi. Vuto linayamba pang'onopang'ono. Ndikamayenda pa 30 kapena 40, muvi unkanjenjemera, kenaka n'kudumphira ku 60, n'kubwereranso pansi, ine osawonjezera kapena kuchepetsa moto. Ndikathamanga kwambiri unkakhazikikako. Kuseri kwa dashibodi kunkamvekanso kaphokoso ka tiki tiki tiki. Nditaponda kilachi galimoto ikuyenda, injini inatsika koma kaphokosoko kanapitirira ndithu. Apa ndinadziwa kuti injini ilibe mlandu, nkhani ili pakati pa giyabokosi ndi dashibodi.

Pakati pamenepo pali zinthu zitatu zokha. Kumapeto kwa giyabokosi kuli kagiya ka pulasitiki kamene kamazungulira limodzi ndi shafuti yopita ku matayala. Ngati pikapuyo ndi ya 4x4, kagiyako nthawi zambiri kamakhala pa transfer case, bokosi logawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Kagiyako kamazunguza kebulo, waya wachitsulo wopotedwa amene amayenda m'kati mwa chikopa chake mpaka ku dashibodi. Kumeneko, m'kati mwa wotchi yoonetsa sipidi, muli magineti ozungulira pafupi ndi kambale ka aluminiyamu. Awiriwa sagundana ayi, koma magineti akamazungulira amakoka kambaleko, ndipo kasipuling'i kopyapyala kamakabweza. Muvi wamangiriridwa ku kambaleko. Nzeru imeneyi ndi yakalekale, Otto Schulze wa ku Germany anailembetsa mu 1902, ndipo magalimoto anayenda nayo mpaka cha m'ma 1990.

Anthu ambiri amathamangira kumasula dashibodi chifukwa ndi kumene akuona muvi ukudumpha. Ine ndinayambira pansi, ndipo ndingalangize aliyense kutero. Pulasitiki wa dashibodi yakale amakhala atauma ndi dzuwa, ukangomukakamiza pang'ono amathetheka, pomwe pansi pali nati imodzi yokha.

Ndinaimika galimoto pamalo osatsetsereka, n'kukoka handibuleki, n'kutchinga matayala. Pikapu ndi yaitali, ndinalowa pansi popanda jeke. Amene angafune kuikweza aike zochirikiza zolimba, jeke payekha si woti munthu n'kugona pansi pake. Nati ya kebulo inamasuka ndi pulayala, ndipo nditasolola, nsonga ya kebuloyo inatuluka itanyowa ndi oyilo wa giyabokosi, wonunkha uja. Nsongayo imayenera kukhala ya ngodya zinayi kuti igwire bwino m'kagiya. Yanga ngodya zake zinalipo, sizinadyeke.

Kenaka ndinatenga makina oboolera a batire, n'kumanga nsonga ija pamalo oikapo chitsulo choboolera. Mwana wa mchemwali wanga anakhala pampando kuti aziona muvi. Makinawo amafunika kuzungulira mbali yoyenera, ndipo kwa ine inali yobwerera m'mbuyo. Muvi ukakana kusuntha, mungotembenuza. Ndinamufunsa kuti, "Ukukwera bwanji?" Iye anati, "Ukudumphabe, amalume, ndipo phokoso lija likumveka." Yankho limeneli linachotsa kagiya pa mndandanda, chifukwa giyabokosi sinali kugwira ntchito konse koma matenda anali pomwepo. Muvi ukanakwera mwakachetechete n'kuima nji, ndikanasolola kagiyako kuti ndione ngati mano ake adyeka.

Zinatsala ziwiri, kebulo ndi wotchi yeniyeniyo. Apa ndiye ndinapisa dzanja kuseri kwa dashibodi. Kebulo imagwidwa ndi kachomangira ka pulasitiki kamene umafinya n'kukoka. Ntchito yake ndi ya zala, maso saona kanthu kumeneko. Itachoka, ndinasolola waya wam'kati uja, ndipo anatuluka wakuda bii, girizi wakale atasakanikirana ndi oyilo ndi fumbi mpaka kuuma ngati phula. Ndinamutsuka ndi palafini, n'kumupukuta.

Kupinda kwa waya wotere sikuoneka msanga ndi maso. Ndinagwira nsonga zake ziwiri, imodzi dzanja ili ina dzanja ili, pakati pake palendewera pansi, n'kuyamba kupota nsonga imodzi ndi zala. Waya wabwino amazungulira mosalala. Wanga ankati akafika pena n'kulimba, kenaka n'kudzidzimuka n'kutembenuka kamodzi. Nditayendetsa chala pamalopo ndinamva timawaya titatumphuka, tokanda. Ndi zimenezi zimene zinkachitika m'kati mwa chikopa: wayayo ankakodwa, n'kudzipota uku giyabokosi ikumuzunguzabe, kenaka n'kumasuka mwamphamvu. Magineti ankalandira liwiro lodukizadukiza, muvi n'kumangotsatira. Pa liwiro lalikulu kukodwako kumachitika mofulumira kwambiri moti muvi sukwanitsa kutsatira, n'chifukwa chake unkaoneka ngati wakhazikika.

Nditatsatira chikopa ndi tochi ndinaona chimene chinayambitsa zonsezi. Kachitsulo kogwira kebulo ku chasisi kanali katathyoka, kebuloyo n'kutsamira pafupi ndi paipi ya ekizozi. Chikopa chinapsa mbali imodzi, n'kukhota pomwepo. Kebulo yotere girizi sangaichize. Ena amagula waya wam'kati yekha, koma waya watsopano m'chikopa chopsa sakhalitsa, choncho ndinagula yonse. Pogula tengani yakaleyo mukayerekeze utali ndi nsonga zonse ziwiri. Yaitali kwambiri imakankha wotchi kuseri n'kuwononga zam'kati.

Ndisanaimange ndinayesa wotchi ndi kebulo yatsopanoyo, poopa kuti mwina nayonso yatopa. Muvi unakwera bwinobwino n'kuima malo amodzi. Magalimoto ambiri a ku Japan anapangidwa kuti kebulo ikamazungulira ka 637 pa mphindi, muvi uzionetsa makilomita 60 pa ola, pomwe ambiri a ku America ndi ka 1000 pa mamailosi 60. Mukadziwa liwiro la makina anu oboolera, mutha kuona ngati wotchi ikunama.

Oyilo uja sindinamuiwale. Kagiya kamakhala ndi kasilu kakang'ono kotchinga oyilo, ndipo kakatha, waya wopotedwa uja amakweza oyiloyo pang'onopang'ono mpaka kumtunda. Akalowa pakati pa magineti ndi kambale, muvi umayamba kulemera kapena kuthamangira kumapeto, ndipo pamenepo ndiye wotchi imafunika kumasula. Ndinasolola kagiyako, mano ake anali bwino, n'kusintha kasilu ndi kamphira kozungulira kunja kwake. Pa chifukwa chomwecho, girizi ndinapaka wochepa, kuyambira pansi mpaka kupitirira theka, gawo la kumtunda n'kulisiya louma.

Pomanga ndinaidutsitsa kutali ndi ekizozi, mokhota pang'onopang'ono, n'kuika chogwirira chatsopano. Nsonga ya pansi ndinaipota ndi zala mpaka inalowa yokha m'kagiya, kenaka n'kumanga nati ndi dzanja, pulayala n'kungomalizira pang'ono.

Ngati yanu ili ndi pulagi ya mawaya pamalo a kebulo, ndiye kuti ndi ya sensa, ndipo mungayambe ndi kutsuka pulagiyo ndi kuona waya wa ethi. Ine nditatuluka kukayesa pamsewu ndinayerekeza ndi GPS ya pa foni. Pa 80 muvi unkaposa ndi makilomita ochepa chabe, monga mmene mawotchi ambiri amachitira, ndipo pa 30 sunanjenjemerenso.