Kujambula zilembo za m'mphepete mwa mendulo ya msilikali wa KAR

Mendulo zozungulira zimene Britain inapereka kwa asilikali a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, zili ndi dzina la mwini wake, koma dzinalo simungalipeze kumaso kapena kumbuyo. Analidinda m'mphepete, pakamkombero kopyapyala kaja: nambala ya msilikali, udindo wake, dzina, kenako gulu limene anali. Kwathu iliko imodzi, ya agogo awo a bambo anga amene anali mu King's African Rifles (KAR), ndipo amasunga ndi azakhali m'kachitini. Ndi British War Medal yasiliva, ya mamilimita 36 m'mimba mwake. Kumaso kuli mutu wa Mfumu George V, kumbuyo kuli munthu wokwera hatchi. Msuweni wanga wa ku Johannesburg ankafuna nambalayo kuti afufuzire mbiri ya agogowo, ndiye ntchito inagwera ine, poti pabanja pathu wa zithunzi ndine.

Azakhali atangotsegula kachitini anati, "Dikira kaye mwanawe, ndiikweche ndi phulusa iwale." Ndinawapempha kuti, "Pepani azakhali, isiyeni momwemo, kuda kwakeko n'kumene kutithandize." Siliva akakhalitsa amada, ndipo kudako kumakhazikika m'timaenje ta zilembo, moti zilembo zimaoneka zakuda pamalo owala. Mukakwecha ndi phulusa, mchenga kapena polishi wa zitsulo, mumachotsa kudako, mumadyanso siliva weniweniyo pang'onopang'ono, ndipo zilembo za zaka zoposa 100 zikafufutika sizibwereranso. Ine ndinangoipukuta fumbi ndi kansalu kofewa kouma. Ndinkasamalanso pogwira, chifukwa chidindo cha chala chimene maso sachiona, kamera imachionetsa bwinobwino.

Fulashi ya foni ndinaithimitsa ndisanayambe n'komwe. Chitsulo chosalala chili ngati galasi: chimabweza kuwala kumbali inayo, mopendekeka mofanana ndi mmene kwafikira. Fulashi ili pafupi kwambiri ndi diso la kamera, choncho kuwala kumapita n'kubwerera m'diso momwemo, pachithunzi n'kutuluka chibanga choyera mbee. Komanso kuwala kochokera kutsogolo kumalowa mpaka pansi pa timaenje, ndipo chilembo chopanda mthunzi sichiwerengeka. Amene analimapo amadziwa kuti dzuwa likakhala paliwombo munda umaoneka wathyathyathya, koma m'mamawa likangotuluka mzere uliwonse umaonekera patali chifukwa cha mthunzi wake. Ntchito yonse yagona pamenepa. Kamera imakhala malo amodzi, choyenda ndi kuwala.

Ndinasankha chipinda cha zenera limodzi, ndinatseka katani, n'kuthimitsa babu. Kuwala kwa babu, kwa dzuwa ndi kwa tochi n'kosiyana mitundu, ndiye mukakusakaniza siliva amatuluka wachikasu mbali ina, wabuluu mbali ina. Patebulo ndinayala nsalu yakuda yosanyezimira. Chitenje chamaluwa ayi, mitundu yake yonse imakaonekera pachitsulo. Ngakhale malaya ofiira amene ndinavala ndinakasintha, ndinavala akuda. Foni ndinaigoneka pamulu wa mabuku, diso lake litatulukira kunja kuyang'ana pansi, n'kuipsinja ndi buku lina kuti isagwe.

Ndinayambira kumaso kwa mendulo, kumene ntchito yake ndi yopepuka. Mutu wa mfumuyo ndi wotukuka, sufuna kuwala kolusa, umafuna kofewa. Ndinatenga beseni loyera lapulasitiki lotha ntchito, ndinaboola pansi pake kabowo kokwana diso la foni, n'kulivundikira pamendulo, foni pamwamba. Tochi ndinaiwalitsa kunja, pakhoma la beseni, mbali imodzi yokha. Pulasitikiyo amamwaza kuwala, choncho mendulo sionanso kadontho kowala ka tochi, imaona khoma lalikulu loyera, lowala mbali imodzi, lodera pang'ono mbali inayo. Kusiyana kumeneko n'kumene kumaonetsa ndevu, khutu ndi mawu ozungulira mutuwo. Mukawalitsa mbali zonse mofanana, chithunzi chimaoneka chaukhondo koma chakufa. Pakati pa mendulo pankaoneka kadontho kakuda, komwe kanali chithunzi cha bowo ndi diso la foni. Ndinatsamiritsa mendulo pang'ono poika kapepala kopinda pansi pake, kadonthoko kanachoka.

Kuwala ndinakuchokeretsa kumtunda chakumanzere. Maso athu anazolowera kuti kuwala kumachokera kumwamba, ndiye mukaunikira kuchokera kumunsi kwa chithunzi, chotukuka chimaoneka ngati cholowa m'kati, cholowa m'kati n'kuoneka chotukuka. Hatchi ija imasanduka dzenje. Zikakuchitikirani musadandaule, tembenuzani chithunzicho chadodolido, muona zabwerera m'malo.

Mphepete ndiye munali ntchito. Beseni ndinalichotsa, chifukwa zilembo zodinda zimafuna kuwala kolimba kochokera pamalo amodzi ang'onoang'ono, kuti mthunzi ukhale wakuthwa. Mendulo ndinaiimika chilili pakati pa mabokosi awiri a machesi okutidwa ndi nsalu yakuda, mkombero utaloza kumwamba kumene kuli foni. Tochi ndinaigwira m'manja, pafupifupi theka la mita kuchokera pamendulo, n'kumaitsitsa pang'onopang'ono maso ali pasikirini. Ili pamwamba, zilembo zinkangoti zii. Nditafika pansi ndithu, kuwala kukungopsepsa pamwamba pa chitsulo, mwina madigiri 10 kapena 15, zilembo zinadzuka chimodzichimodzi. Ndikatsitsa kupitirira apo, tizikanda tonse ta zaka zambirimbiri tinkadzukanso n'kusokoneza zilembo. Malo abwino ndi ochepa kwambiri, ndipo dzanja likangonjenjemera mwawataya, choncho nditawapeza ndinasanjika mabuku ena n'kugonekapo tochiyo.

Mbali imene kuwala kukuchokera nayonso ili ndi nkhani. Mzere wa chilembo umaoneka bwino kuwala kukaudutsa mopingasa. Kukayenda motsatira mzerewo, kumalowa m'kaenje konse ndipo mthunzi supezeka. Mukaunikira kuchokera kumanzere kwenikweni, mizere yoimirira imaoneka koma yogona imasowa, moti E amasanduka I, ndipo A amataya kamzere kake kapakati. Ndinasuntha tochi kuti ikhale chapangodya, kuti mizere yoimirira ndi yogona yomwe ipeze mthunzi wake. Kumbali inayo ndinaimika pepala loyera patali pang'ono kuti libwezeko kuwala pang'ono, mthunzi usachite kuti bii. Likayandikira kwambiri limafafaniza ntchito yonse.

Za foni n'zochepa. Kuyandikitsa kwambiri diso lake sikuthandiza: foni zambiri zimalephera fokasi zikayandikira, komanso foniyo imayamba kutchinga kuwala. Ndinaiika chapatali pang'ono n'kugwiritsa ntchito diso la 2x, lija lokokera zinthu pafupi. Ngati foni yanu ilibe diso lachiwiri lotero, jambulani chomwecho mudzadule chithunzi pambuyo pake, kusiyana n'kukoka ndi zala mpaka zilembo zitaphwanyika. Ndinadina chala pazilembo n'kugwiritsitsa mpaka fokasi itakhoma, kenako ndinatsitsa kuwala ndi kachizindikiro kadzuwa kaja. Apa musaiwale. Foni ikaona nsalu yakuda imaganiza kuti kwada, ndiye imawalitsa chithunzi chonse, siliva n'kupserera. Malo opserera sangakonzedwenso, pomwe chithunzi chodera pang'ono mutha kuchiwalitsa bwinobwino. Pojambula ndinaika timer ya masekondi atatu kuti foni ileke kugwedera dzanja likachokapo. Amene ali ndi kamera yaikulu aike ISO 100, achepetse bowo la lenzi kufika f/8 kapena f/11, nthawi ya shutter italike mmene ingafunire poti palibe chikuyenda. Fyuluta ya polarizer imene ojambula amaidalira pochotsa kunyezimira pa madzi ndi magalasi a galimoto sichita zambiri pachitsulo chosapaka utoto, ndiye musataye ndalama.

Mkombero ndi wozungulira, choncho chithunzi chimodzi sichingatenge zilembo zonse. Zapakati zimaoneka bwino, zam'mbali zimapendekeka n'kutuluka mu fokasi. Ndinkajambula zilembo zingapo, n'kuzunguza mendulo pang'ono, n'kujambulanso, foni ndi tochi zili pomwepo. Chithunzi chilichonse ndinkaonetsetsa kuti chayambira pa zilembo ziwiri zomalizira za chinzake, kuti wowerenga asasokere kapena kuganiza kuti pali chimene chadumphidwa.

Panali nambala imodzi yoperepeseka imene inkaoneka ngati 3 komanso ngati 8. Apa ndinasiya mendulo ndi foni osazikhudza, n'kumazungulira ndi tochi: kumanzere, kumanja, kumtunda, kumunsi, ndi ngodya zonse, kulikonse chithunzi chake. Nyumba zosungira zinthu zakale zimachitanso zomwezi ndi zida zodula, njira yotchedwa RTI, pomwe kompyuta imaphatikiza zithunzi zambiri zojambulidwa kamera ili malo amodzi koma kuwala kukusintha. Ine ndinangoziyendetsa ndi chala pasikirini, chimodzi pambuyo pa chinzake. Pachithunzi chimene kuwala kunachokera kumanja, mbali yakumanzere ya nambalayo inaonetsa timithunzi tiwiri topindika, kusonyeza kuti inali yotseka. Inali 8. Anthu ena amapaka choko kapena ufa m'zilembo kuti zioneke. Pachikwangwani chatsopano chamkuwa mwina, koma pachinthu chakale ine sindingayerekeze, chifukwa potsuka pambuyo pake ndi pomwe mumakandira.

Chomaliza ndinajambula mendulo yonse pamodzi ndi riboni yake yosuluka, rula ili pambali kuti kukula kwake kudziwike. Pokonza zithunzi sindinachite zambiri: kudula m'mbali, kuwonjezera contrast pang'ono, ndipo za zilembo ndinazisandutsa zakuda ndi zoyera, chifukwa mtundu suthandiza powerenga. Zoyambirira ndinazisunga padera osazikhudza, kuti wina akadzakayikira nambala ija adzaone yekha kuti sindinawonjezerepo kanthu. Potumiza pa WhatsApp ndinazitumiza ngati document. Mukatumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imachichepetsa, ndipo choyamba kusowa ndi timithunzi tating'ono tosiyanitsa 3 ndi 8. Mayina a mafayilo ndinawapatsa manambala motsatana, kuyambira pa nambala ya msilikali mpaka pa K.A.R., kuti msuweni wanga azitsegula mwadongosolo lake.